Maria wa m'tchalitchi ndi Maliya wa kudambwe: mbiri yoyenera kuifunsa tikapita ku Mua

Mishoni ya Mua ili m'boma la Dedza, m'munsi mwa mapiri, kufupi ndi Mtakataka, mukapatuka pang'ono pamsewu wa M5 wochokera ku Salima kupita ku Balaka. Ansembe a chipani cha White Fathers anaikhazikitsa m'chaka cha 1902, ndipo ndi imodzi mwa mishoni zakale kwambiri za Akatolika m'Malawi muno. Masiku ano anthu ambiri amapitako kukaona zosemasema za ku KuNgoni ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Chamare, momwe muli zigoba za Gule Wamkulu zoposa 400. Chodabwitsa n'chakuti mpingo womwe ukusunga zigobazi ndi womwewo umene zaka 100 zapitazo unkalimbana ndi Gule usana ndi usiku. Maganizo anga ndi akuti ulendo wa ku Mua umakhala waphindu ngati wotsogolera alendo aifotokoza nkhondo imeneyi, ndipo umasukuluka ngati ailumpha. Ife ophunzira tili ndi udindo woifunsa.

Mmene ansembe anafikira ku Mua

Chipani cha White Fathers anachiyambitsa ndi Charles Lavigerie ku Algeria m'chaka cha 1868. Dzinali silinachokere ku khungu lawo ayi, koma ku mikanjo yoyera imene ankavala potsanzira kavalidwe ka anthu a kumpoto kwa Africa. Kuno kwathu anafika koyamba mu 1889, ndipo anakhala kwa mfumu Mponda, kumwera kwa nyanja, m'dera la Mangochi. Kumeneko zinthu sizinayende. Mponda inali mfumu ya Chiyao yomwe inali kale paubale ndi amalonda a Chisilamu, matenda anawavuta ansembewo, komanso anabwera panthawi imene Apwitikizi ndi Angerezi ankalimbirana dera lomwelo. Mu 1891, chaka chomwe Angerezi analengeza kuti dziko lino lili m'manja mwawo, ansembewo anasamuka.

Akatolika anabwereranso patapita zaka 10. Ansembe a chipani cha Montfort anatsegula mishoni ya Nzama ku Ntcheu mu 1901, ndipo chaka chotsatira a White Fathers anafika m'chigawo chapakati. Pambali pa Mua, anatsegulanso Likuni ndi Kachebere. Tikayang'ana zaka zimenezi tikuona kuti anafika mochedwa. Amishoni a ku Scotland anali atafika kale ku Cape Maclear mu 1875 ndi ku Blantyre mu 1876, pomwe a Dutch Reformed anali ku Mvera kuyambira 1889 ndi ku Nkhoma kuyambira 1896. Wofika mochedwa amathamanga. Njira yachidule yopezera anthu inali kutsegula sukulu m'midzi, chifukwa mudzi ukalandira sukulu ya mpingo wina, mpingo winawo unkavutika kulowamo.

Dera la Mua linali mphambano ya mitundu itatu. Kunali Achewa, eni nthaka akalekale. Kunali Angoni a mfumu Kachindamoto. Ndipo kufupi ndi nyanja kunali Ayao. N'chifukwa chake nyumba ya Chamare imafotokoza za mitundu itatu imeneyi. Pakapita nthawi mishoniyi inakhala ndi chipatala, malo osamalirako odwala khate, komanso sukulu ya ana osamva. Zimenezi wotsogolera aliyense amazinena, ndipo ayenera kuzinena, pakuti ndi zoona. Koma mbiri siithera pamenepo.

Sukulu ndi dambwe

Sukulu ya m'mudzi inkafuna mnyamata wa msinkhu womwewo umene dambwe linkamufuna. Kwa Achewa, Nyau sanali masewera a madzulo. Kudambwe n'kumene mnyamata ankaphunzira mwambo ndi kusanduka munthu wamkulu. Zilombo zinkatuluka pamaliro kukaperekeza mzimu wa womwalira, pachinamwali cha atsikana, ndi polonga ufumu. Mfumu yokhala ndi mzinda inkalemekezeka chifukwa cha bwalo lakelo. Tsono mphunzitsi wa mishoni akafika ndi kunena kuti mwana wa sukulu asapite kudambwe, ankakhudza ulamuliro wa mfumu, maliro a banja, ndi njira yonse imene mudzi unkalerera ana ake.

Ansembe nawo anali ndi zifukwa zawo. Ankati nyimbo zina za Gule n'zolaula, kuti zilombo zina zimavina zosavala mokwanira, ndipo kuti ana a sukulu ndi akhristu amaopsezedwa kapena kumenyedwa. Mkhristu wopezeka kudambwe ankamuletsa masakramenti. M'zaka za m'ma 1920 mkanganowu unakula mpaka amishoni anapempha boma la atsamunda kuti liletse Nyau. Boma la ku Zomba linazengereza. Linkaopa kukwiyitsa mafumu amene linkawadalira pa msonkho ndi pa bata, choncho silinathetse Gule m'dziko lonse monga amishoni ankafunira. Amene analemba mwakuya za nkhaniyi ndi Ian Linden, m'buku lake la 1974 lonena za Akatolika ndi kukana kwa Achewa, pamodzi ndi Matthew Schoffeleers, yemwe anali wansembe wa chipani cha Montfort ndipo anaphunzitsapo pa Yunivesite ya Malawi. Umboni wawo wambiri unachokera m'mabuku amene ansembe enieniwo ankalembamo zochitika za tsiku ndi tsiku pamishoni. Ndiye kuti mbiri ya nkhondoyi si mphekesera za adani a mpingo. Mpingo womwewo unaisunga m'malemba ake.

Anyau sanalembe mabuku. Yankho lawo analisema pamtengo. Pakati pa zilombo za Gule panatulukira Maliya ndi Simoni. Maliya ndi chilombo chachikazi, chovala nsalu ndi mpango, chomwe dzina lake linachokera kwa Amayi Maria. Simoni ndi wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, wovala zachizungu, ndipo dzina lake akatswiri amalilumikiza ndi Simoni Petro. Ena amati uku kunali kunyoza chabe. Ine ndikuona kuti kunali koposa kunyoza. Chinthu chachilendo chikafika m'mudzi, Gule amachitenga, n'kuchipatsa nkhope ndi nyimbo, n'kuchivinitsa pabwalo kuti anthu achiseke, achiunike, ndipo asachiopenso. Anachita zomwezo ndi galimoto ndi anthu ena otchuka. Patapita zaka, Maliya anakhazikika m'Gule ngati mayi wophunzitsa khalidwe. Choncho ku Mua kuli amayi awiri a dzina limodzi, wina m'tchalitchi, wina pakati pa zilombo, ndipo pakati pawo pali mbiri yonse ya kukumana kwa Achewa ndi Chikatolika.

Chimene chinasintha

Zinthu ziwiri zinachitika pafupifupi nthawi imodzi. Dziko lino linalandira ufulu mu 1964, ndipo Kamuzu Banda, yemwe ankanyadira Chichewa chake, anautulutsa Gule poyera mpaka kumavinidwa pamisonkhano ya chipani ndi ya boma. Kuletsa Gule sikunalinso kotheka. Ku Rome nakonso, msonkhano waukulu wa maepiskopi wa Vatican II, womwe unachitika kuyambira 1962 mpaka 1965, unalola kuti Misa izichitika m'zilankhulo za anthu ndipo unatsegula khomo loti luso ndi miyambo ya mitundu yonse zipeze malo m'tchalitchi. Mu 1969 Papa Paulo VI ali ku Kampala anauza Akatolika a mu Africa kuti angathe, ndipo ayenera, kukhala ndi Chikhristu cha nkhope ya chi Africa.

Bambo Claude Boucher, wansembe wa White Fathers wochokera ku Canada, anafika m'Malawi mu 1967, patangopita zaka ziwiri msonkhano uja utatha. Anali munthu wa luso lojambula. Anaphunzira Chichewa, anakhala pansi ndi akuluakulu a m'midzi, ndipo anthu anamupatsa dzina la mfunda lakuti Chisale. Mu 1976 anayambitsa KuNgoni ku Mua ngati malo ophunzitsirako osema ndi ojambula. Kuchokera pamenepo zosema za ku Mua zinafalikira m'matchalitchi ambiri m'dziko muno, ndipo zina zinawoloka nyanja: kachisi wa bungwe la Missio mumzinda wa Munich ku Germany anakongoletsedwa ndi amisiri a ku Malawi. Martin Ott analemba buku lonse, lomwe linatuluka ku Kachere mu 2000, losonyeza kuti osema a ku KuNgoni amachita maphunziro a zaumulungu pogwiritsa sompho ndi tchizulo. Nyumba ya Chamare inatenga dzina lake kwa Bambo Champmartin, wansembe wa ku France amene anagwira ntchito nthawi yaitali ku Mua, yemwe anthu ankangomutchula kuti Chamare. Mu 2005 bungwe la UNESCO linalengeza Gule Wamkulu wa ku Malawi, Zambia ndi Mozambique kukhala chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, ndipo mu 2012 Bambo Boucher anatulutsa buku lalikulu lofotokoza zilombo za Gule chimodzichimodzi.

Kugwiritsa zithunzi pophunzitsa si kwachilendo mu mpingo wa Katolika. Cha m'ma 600, Papa Gregory Wamkulu analembera episkopi wina wa ku Marseille kumudzudzula chifukwa chophwanya zithunzi za m'tchalitchi, ponena kuti munthu wosadziwa kuwerenga amawerenga pakhoma. Amishoni oyamba anabwera ndi mfundo yomweyo, koma zithunzi zawo zinali zochokera ku Ulaya. Mwana wa ku Mtakataka akayang'ana pakhoma ankaona kuti aliyense woyera mtima ndi mzungu. Osema a ku Mua anasintha zimenezi. M'manja mwawo Yesu, Maria ndi atumwi anatenga nkhope, tsitsi ndi zovala za kwathu kuno, ndipo nkhani za m'Baibulo zinayamba kuchitikira pakati pa mitondo, madengu ndi nyumba za udzu. Ichi si chinthu chaching'ono, ndipo yemwe akuti Mua ndi malo ogulitsirako ziboliboli kwa azungu basi sanayang'anitsitse.

Wotsogolera alendo ndi wolemba mbiri

Nyumba ya Chamare ili ndi zipinda zitatu. Choyamba chimafotokoza za mishoni ndi kufika kwa Chikhristu, chachiwiri ndi cha Achewa ndi Gule, chachitatu ndi cha Angoni ndi Ayao. Kunja makoma ake anajambulidwa zithunzi za mbiri ya dziko lino. Zinthu n'zambiri moti palibe amene angazifotokoze zonse pa ola limodzi kapena awiri. Wotsogolera amasankha poima ndi podutsa. Kusankha kumeneko ndiye kulemba mbiri. Akhoza kukuyendetsani kuchokera pa ansembe oyamba kufika pa Bambo Boucher ngati kuti unali msewu wosalala wa chikondi ndi kumvana. Akhozanso kuima pa Maliya ndi Simoni n'kukuuzani chifukwa chimene anabadwira. Alendo awiri olowa pakhomo limodzi akhoza kutuluka ndi mbiri ziwiri zosiyana.

Izi sizili ku Mua kokha. Ku Vatican, m'kachisi wa Sistine, anthu saloledwa kulankhula, choncho otsogolera amafotokozeratu zonse panja pogwiritsa zikwangwani za zithunzi. Mlendo amalowa atauzidwa kale choti aone. Ambiri amauzidwa kuti Michelangelo anajambula denga kuyambira 1508 mpaka 1512, ndi chithunzi cha Chiweruzo Chomaliza kuyambira 1536 mpaka 1541. Wotsogolera wabwino amawonjezera kuti nsalu zina zimene zaphimba maliseche pachithunzipo sanajambule ndi Michelangelo, koma anaziwonjezera Daniele da Volterra mu 1565, akuluakulu a mpingo atalamula pambuyo pa msonkhano wa ku Trent. Popanda wokuuzani, diso lanu lidzaona nsalu basi, osadziwa kuti likuyang'ana mkangano wa zaka zoposa 400.

Chitsanzo chotikhudza kwambiri ife ndi cha 1925. M'chaka chimenecho Papa Pius XI anakonza chionetsero chachikulu ku Vatican, ndipo amishoni a m'maiko osiyanasiyana anatumiza zinthu pafupifupi 100,000 za anthu amene ankawalalikira. Zinthu pafupifupi 40,000 zinatsala komweko n'kukhala chiyambi cha nyumba yosungiramo zinthu imene lero imatchedwa Anima Mundi. Vatican imati zinthuzi zinali mphatso. Anthu ena, makamaka eni nthaka a ku Canada, akhala akufunsa kuti mphatso yoperekedwa panthawi imene miyambo yawo inali yoletsedwa ndi boma ingatchedwe mphatso motani. Mu 2025 zinthu 62 zinabwezedwa ku Canada. Mawu amodzi okha, akuti mphatso, akhoza kubisa kapena kuulula mbiri yonse, ndipo amene amawatchula pamaso pa mlendo ndi wotsogolera.

Mafunso amene Mua sangawathawe

Pali anthu amene sakondwa ndi nyumba ya Chamare, ndipo zifukwa zawo si zopusa. Loyamba ndi funso la chinsinsi. Kwa amene anagula njira, chilombo ndi mzimu wochokera kumanda, ndipo za kudambwe sizikambidwa pagulu. Kuika zigoba m'chipinda choti aliyense wolipira pakhomo alowemo, kuphatikizapo amene sanamete, ena amakuona ngati kuvula mwambo. Lachiwiri ndi funso la moyo wa chinthucho. Zilombo zikuluzikulu zolukidwa ndi udzu ndi makoko a chimanga, monga Kasiyamaliro, mwamwambo zimatenthedwa ntchito yake ikatha. Sizinapangidwe kuti zikhale zaka. Chigoba chopachikidwa sichivina, chilibe ng'oma, chilibe amayi oyimba ndi kuwomba m'manja, chilibe fumbi la pabwalo. Chimene mlendo amaona ndi gawo laling'ono la Gule. Lachitatu ndi funso la mphamvu: kodi n'zoyenera kuti mbali imodzi ya mkangano ndiyo isunge ndi kumasulira chuma cha mbali inayo?

Palinso akhristu amene amadandaula kuchokera mbali ina. Iwo amati Mua anapyola malire, ndipo kuti zilombo zilibe malo pabwalo la mishoni. Mpaka lero m'mipingo yambiri munthu amadulidwa chifukwa chopezeka kudambwe, ndipo m'midzi ina maliro amodzi amayambitsa mkangano woti kodi aimbire ndi akwaya kapena kutuluke Gule. Nkhondo ya m'ma 1920 sinathe. Inangotsika mawu.

Ngakhale zili choncho, ine ndili kumbali yoti Mua akhalepo. Mtengo umadyedwa ndi chiswe, nthenga zimathothoka, ndipo akuluakulu odziwa tanthauzo la nyimbo ya chilombo chilichonse akutha mmodzimmodzi. Zilombo zambiri zimene zinavinidwa m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 bwenzi zitaiwalika pakanapanda wina kuzilemba ndi kuzisunga. Chinanso n'chakuti zigobazi zili pa nthaka ya eni ake. Mwana wa ku Golomoti akhoza kukwera kabaza n'kukaziona, pomwe zinthu zimene zinapita ku Rome mu 1925 zimafuna pasipoti, viza ndi ndalama ya ndege. Kusiyana kumeneku n'kwakukulu. Koma kuvomereza kuti Mua akhalepo sikutanthauza kuti mafunso atatu aja afafanizidwe. Ayenera kumveka m'chipinda momwemo, zigoba zikuyang'ana.

Tikapita, tifunse chiyani

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ambiri a ife timapita kumalo otere pa ulendo wa kalasi kapena wa gulu la achinyamata a kutchalitchi, ndipo timangotsatira wotsogolera ngati nkhosa, maso ali pa foni. Mayankho abwino amabwera kwa amene wafunsa bwino. Funsani kuti chigoba ichi anasema ndani, wa mudzi uti, ndipo chinafika bwanji kuno: chinagulidwa, chinaperekedwa, kapena chinasemedwa mwapadera kuti chidzaonetsedwe? Funsani akuonetseni Maliya ndi Simoni, ndipo mumve mmene awafotokozere. Funsani zimene mafumu ndi akuluakulu a dambwe a m'deralo amanena za chipindachi. M'tchalitchi, funsani dzina la mmisiri amene anasema guwa kapena mtanda. Timadziwa dzina la Michelangelo ndi la Bambo Boucher, koma manja amene anagwira sompho ku Mua ndi a Amalawi anzathu, ndipo mayina awo ndi mbali ya mbiri imeneyi.

Ngati gulu lanu lonse limamva Chichewa, pemphani kuti akufotokozereni m'Chichewa. Mayina a zilombo ndi miyambi, ndipo mwambi ukamasuliridwa m'Chingerezi umataya mchere. Dzina lakuti Kasiyamaliro limanena lokha ntchito yake kwa Mchewa, pomwe mlendo wakunja amafunika chiganizo chonse. Dziwaninso kuti pali zina zimene wotsogolera sangakuuzeni chifukwa mwambo sulola, ndipo kukhala chete kwakeko ndi phunziro palokha. Si kubisa mbiri ayi. Kubisa mbiri ndi kusanena kuti kunali mkangano. Kusunga za kudambwe ndi kulemekeza eni mwambo. Wophunzira wa ku yunivesite ayenera kusiyanitsa ziwirizi.

Tchalitchi ndi nyumba yopemphereramo isanakhale malo oonera luso. Mukapeza Misa kapena anthu akupemphera kolona, dikirani. Funsani musanajambule. Ndipo wotsogolera akagwira ntchito yake bwino, m'patseni kangachepe mosanyinyirika, chifukwa nzeru zimene wakupatsani anazisonkhanitsa zaka zambiri, ndipo ntchito imeneyi ikapanda kudyetsa munthu, achinyamata odziwa sadzaifuna.

Timadandaula kawirikawiri kuti mbiri yathu inalembedwa ndi alendo. N'zoona kuti malemba ambiri a ku Mua analemba ndi ansembe ochokera ku Ulaya, ndipo amene anawasanthula koyamba anali akatswiri akunja. Koma Achewa nawo anasiya umboni wawo, ndipo uli pa nkhope ya Simoni ndi pa mpango wa Maliya. Mabuku a ansembe ndi zigoba za Anyau ndi mbali ziwiri za mlandu umodzi, ndipo ku Mua zonse zili pabwalo limodzi. Ophunzira za mbiri, za chipembedzo, za luso ndi za zokopa alendo amene akusowa mutu wa kafukufuku wa chaka chomaliza sayenera kuyang'ana kutali. Pakufunika Amalawi oti akakhale pansi ndi osema, otsogolera alendo, makatekisiti okalamba ndi akuluakulu a dambwe, adakali moyo, n'kulemba zimene aliyense wa iwo akukumbukira. Tikapanda kutero, adzukulu athu adzapeza zigoba 400 zili pakhoma, koma wodziwa chifukwa chimene Maliya anatchedwera Maliya adzakhala atapita.